Chiwalo Chimodzi Si Thupi Lonse

Mawu akuti yoga afika m'makutu a anthu ambiri masiku ano, ngakhale a ife amene sitinapondepo dziko la India. Ana athu amaona pa kanema ndi pa mafoni anthu atayala kamphasa kofewa pansi, wina atapinda msana ngati uta, wina ataima ndi mutu miyendo ili m'mwamba, ndipo amamva kuti zimenezi zimachotsa kutopa, zimachepetsa mafuta m'thupi ndi kuthandiza msana wowawa. M'chaka cha 2014 bungwe la United Nations linagamula kuti tsiku la 21 Juni likhale lokumbukira yoga pa dziko lonse lapansi, ndipo kuyambira 2015 makamu a anthu amasonkhana pa tsikuli m'mabwalo a mizinda yambiri kuti achite masewerowa pamodzi. Tsono kholo lachikatolika lili ndi chifukwa chofunsira kuti: kodi chinthu chimenechi nchiyani kwenikweni, nanga mwana wanga wobatizidwa angachite nacho bwanji?

Funso limeneli landikhudza inenso monga kholo, ndipo poti safunsa adadya phula, ndinayamba kufufuza zimene eni ake a yoga analemba kalekale. Zimene ndinapeza ndizo ndifuna kugawana nanu pa tsamba lino. Kupinda thupi kumene timaona pa kanema ndi kachigawo kakang'ono chabe ka chiphunzitso chachikulu chokhudza moyo wonse wa munthu: mayankhulidwe ake, kadyedwe kake, chuma chake, maganizo ake, ngakhale imfa yake. M'chiphunzitsocho muli mfundo zina zimene mkhristu sangazivomereze, ndipo tizitchula mosabisa. Koma mulinso funso limodzi limene chimatiponyera ife Akatolika, ndipo sitiyenera kulizemba.

Tiyambe ndi dzina. Mawu akuti yoga ndi a chinenero chakale cha ku India chotchedwa Sanskrit, ndipo amachokera ku tsinde lakuti yuj, limene tanthauzo lake lina ndi kumanga nyama m'goli. Aliyense amene anayendetsapo ngolo adziwa ntchito ya goli. Ng'ombe ziwiri zamphamvu zikakhala zosamangidwa pamodzi, ina ikokera ku msipu, ina ku madzi, ndipo chimanga chigona kumunda. Anthu anzeru a ku India anaona kuti munthu ali chimodzimodzi: maso afuna ichi, mimba ifuna icho, lilime lithamanga palokha, mtima uli kwina. M'buku lina lakale lotchedwa Katha Upanishad, lolembedwa Khristu asanabadwe, anafanizira thupi ndi galeta. Maso, makutu ndi ziwalo zina zomvera anazifanizira ndi akavalo. Maganizo anawayesa zingwe zowongolera, ndipo nzeru anaiyesa woyendetsa. Yoga inali luso logwirira zingwezo kuti galeta lisagwere m'phompho.

Buku limene ambiri amaliyesa maziko a yoga ndi Yoga Sutra, lolembedwa ndi munthu wanzeru dzina lake Patanjali zaka zoposa 1,500 zapitazo. Ndi kabuku kakang'ono ka ziganizo zifupizifupi 195 kapena 196, malinga ndi kawerengedwe, zogawidwa m'mitu inayi kuti wophunzira aziloweze pamtima. Cholinga chimene Patanjali aika patsogolo ndicho kukhazika bata m'maganizo amene sakhala malo amodzi. Tonse tidziwa kuti madzi a pachitsime akavunduka suona nkhope yako, ndipo sungaidziwe njoka imene ili pansi. Uyenera kudikira kuti matope akhale pansi.

Njira yofikira ku bata limeneli ili ndi zigawo zisanu ndi zitatu, zimene iye anazitcha ziwalo, monga ziwalo za thupi limodzi. Chiwalo choyamba ndi yama, malamulo asanu a kakhalidwe ka munthu pakati pa anzake: kusapweteka chamoyo chilichonse, kunena zoona, kusaba, kudziletsa pa zilakolako za thupi, ndi kusaunjika katundu wopitirira chimene munthu asowa. Chachiwiri ndi niyama, malamulo asanu a munthu payekha: ukhondo, kukhutira ndi zimene ali nazo, kudzilanga monga posala zakudya, kuphunzira malembo, ndi kudzipereka kwa mbuye amene Patanjali amutcha Ishvara. Pambuyo pa malamulo khumi amenewa ndi pamene pabwera asana, ndiko kuti kakhalidwe ka thupi, monga chiwalo chachitatu. Chachinayi ndi pranayama, kulamulira kapumidwe. Chachisanu ndi pratyahara, kubweza maso ndi makutu ku zokopa zakunja. Zitatu zotsala ndi dharana, kuika maganizo pa chinthu chimodzi. Dhyana, kusinkhasinkha kosadukiza. Ndi samadhi, bata lakuya limene munthu amafika podziiwala.

Chodabwitsa nchakuti pa ziganizo zonse za m'bukulo, zitatu zokha ndizo zikamba za asana, ndipo palibe ngakhale chimodzi chotchula kuima ndi mutu. Chimene Patanjali afuna nchakuti munthu athe kukhala pansi mokhazikika ndi momasuka kwa nthawi yaitali, kuti thupi lisamsokoneze posinkhasinkha. Koma pa malamulo asanu oyamba aja alankhula mwamphamvu ndithu, nawatcha lumbiro lalikulu limene silisintha chifukwa cha mtundu wa munthu, malo amene ali, kapena nyengo. Tingati kwa iye wamalonda saloledwa kunama chifukwa ali pamsika, ndipo mfumu siloledwa kuba chifukwa ndi mfumu.

Nanga zinatheka bwanji kuti chiwalo chachitatu chimeze zinzake? Mitundu ya asana inachuluka pang'onopang'ono. Buku la Hatha Yoga Pradipika, la m'zaka za m'ma 1400, likufotokoza mitundu 15. Pamene Swami Vivekananda analankhula pa msonkhano wa zipembedzo ku Chicago m'chaka cha 1893, natulutsa buku lake la Raja Yoga mu 1896, nkhani yake inali ya maganizo ndi mzimu, ndipo masewero a thupi sanawawerengere kwambiri. Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1930, pamene Tirumalai Krishnamacharya ankaphunzitsa anyamata ku nyumba yachifumu ya ku Mysore yoga yolimbitsa thupi. Wophunzira wake B. K. S. Iyengar anatulutsa buku la Light on Yoga mu 1966, lokhala ndi mitundu ya asana pafupifupi 200 ndi zithunzi pafupifupi 600, ndipo linafalikira ku Ulaya ndi ku America. Aphunzitsi amenewa sanakane ziwalo zinazo, koma chithunzi chili ndi malire ake. Chimatha kuonetsa msana wopindika bwino. Sichingaonetse munthu akubweza ndalama imene wogulitsa wampatsa mopitirira mosadziwa. Kotero dziko linanyamula chimene chimajambulika, ndipo zotsalazo ambiri sanazimve nkomwe.

Palinso buku lina limene Ahindu amalikonda kwambiri, Bhagavad Gita, la ndime 700 m'mitu 18. Likusimba za msilikali Arjuna amene anataya mtima pa bwalo la nkhondo la Kurukshetra ataona kuti mbali ya adani kuli abale ake ndi aphunzitsi ake, ndi za Krishna, woyendetsa galeta lake, amene anamlangiza. M'bukuli yoga ili ndi njira zingapo. Karma yoga ndi kugwira ntchito yako mokhulupirika popanda kukakamira mphotho yake. Bhakti yoga ndi kudzipereka mwachikondi kwa mulungu amene umpembedza. Jnana yoga ndi kufunafuna nzeru yosiyanitsa zokhalitsa ndi zongopita. Motero mlimi m'munda mwake ndi mayi pa mtondo wake angathe kukhala anthu a yoga osachoka pakhomo, ndiponso osapinda mwendo ngakhale kamodzi.

Munthu amene anaonetsa dziko lonse yoga ya mtundu umenewu ndi Mohandas Gandhi. Anafika ku South Africa mu 1893 monga loya wachinyamata, ndipo chaka chomwecho anatulutsidwa m'sitima pa Pietermaritzburg chifukwa cha khungu lake. Pa zaka zimene anakhala kumeneko mpaka 1914 anaumba njira yolimbana ndi chisalungamo popanda kukhetsa mwazi, yozikika pa malamulo awiri oyamba a yama: ahimsa, kusapweteka, ndi satya, choona. Malamulo onse asanu anawaika pakati pa malumbiro a anthu okhala naye m'mudzi wake wa mapemphero ku India. Mu 1930, ali ndi zaka 60, anayenda pansi mailosi pafupifupi 240 kuchoka ku Sabarmati kukafika ku Dandi, m'mbali mwa nyanja, kukatola mchere potsutsa lamulo la atsamunda limene linkaletsa amphawi kudzipangira mchere. Pomasulira Gita m'chinenero cha kwawo cha Gujarati anatcha bukulo Anasakti Yoga, ndiko kuti yoga ya kusakakamira. Ataphedwa pa 30 Januwale 1948, katundu wake anali wochepa zedi: magalasi a maso, nsapato, wochi, mbale ndi zina zowerengeka. Gandhi sanali mkhristu, koma ankakonda Ulaliki wa pa Phiri, ndipo moyo wake umatifunsa ife amene timaumva ukuwerengedwa m'tchalitchi.

Apa ndi pamene nkhaniyi imandifika pamtima. Akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Chimene chinachitikira yoga chingathenso kuchitikira chikhristu chathu, pakuti ifenso tili ndi zochita za thupi zooneka bwino: kugwada, kuchita chizindikiro cha mtanda, kudziguguda pachifuwa, kuyenda Njira ya Mtanda m'nyengo ya Lenti, kunyamula korona m'manja, kuvala chitenje cha bungwe lathu. Zonsezi nzabwino, ndipo Eklezia ali ndi chifukwa potiphunzitsa. Koma ngati bambo amene wagwada Lamulungu agula mtedza wa anzake Lolemba ndi sikelo yonyenga. Ngati mayi wotsogolera nyimbo akongoza mnansi wake mwa katapila m'mwezi wa njala. Ngati banja limene linaimba mokweza pa maliro likalanda mkazi wamasiye mabulangete ndi mbuzi. Ngati dzanja limene lalandira Ukaristia m'mawa limenya mkazi madzulo, ndiye kuti ifenso tadula chiwalo chimodzi ndi kuchiyesa thupi lonse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Patanjali anaika kakhalidwe patsogolo pa kukhala pansi, chifukwa anadziwa kuti wakuba sangapeze bata ngakhale atatseka maso tsiku lonse. Ambuye athu Yesu anatiphunzitsa zoposa pamenepa m'mutu wachisanu wa Mateyo, pamene analamula munthu wobweretsa mphatso ku guwa, amene wakumbukira kuti mbale wake ali naye chifukwa, kuti ayambe wakayanjana naye. Mwa malamulo asanu a yama, limene limandiganizitsa kwambiri ndi lomaliza, la kusaunjika. Ambiri a ife timapuma bwino tikafika pa lamulo la kusaba, poganiza kuti sitinathyolepo nyumba ya munthu. Koma jekete lachiwiri limene likudyedwa ndi njenjete m'sutikesi, pamene mwana wa mnansi apita kusukulu akunjenjemera m'mwezi wa Juni, lili ndi mlandu wake. Yohane Mbatizi anauza anthu a m'nthawi yake zomwezo za munthu wa malaya awiri. Mhindu wa kalekale wangotikumbutsa chimene chinali kale m'nyumba mwathu.

Komatu tisafulumire kunena kuti zonse ndi chimodzi, pakuti kutero ndi kunyoza Ahindu ndi kudzinyenga tokha. Pa chiphunzitso cha Patanjali, munthu weniweni ndi purusha, mzimu wongoona, umene unakodwa m'zinthu zonse zosinthasintha, kuphatikizapo thupi ndi maganizo. Mapeto a ulendo ndi kaivalya, pamene mzimuwo umasuka nukhala pawokha. Magulu ena a Chihindu amaphunzitsa kuti pomaliza munthu amazindikira kuti iye ndi Mwini zonse ndi chinthu chimodzi. Ambiri a iwo amakhulupiriranso kuti munthu amabadwa kambirimbiri, kulipira m'moyo wotsatira zimene anachita m'moyo wapita. Ife tikhulupirira zina. Tili ndi moyo umodzi, ndipo pambuyo pake tidzaima pamaso pa Mulungu. Mlengi ndi Mlengi, ife ndife zolengedwa, ndipo ngakhale kumwamba sitidzasungunuka mwa Iye ngati mchere m'madzi, koma tidzamuona ndi kumkonda monga ana. Thupi silili ndende yothawamo, popeza Mwana wa Mulungu anadzitengera thupi, ndipo timavomereza kuuka kwa thupi. Chachikulu koposa nchakuti chipulumutso ndi chaulere cha Mulungu, chimene palibe luso la kupuma kapena la kukhala pansi lingachigule.

Eklezia walankhulapo pa zimenezi mosamala. Pa 28 Okutobala 1965, Msonkhano Wachiwiri wa Vatican unatulutsa chikalata cha Nostra Aetate, chimene chimatchula Chihindu ndi dzina, ndi kunena kuti Eklezia sataya chilichonse choona ndi choyera chopezeka m'zipembedzo zina, ngakhale apitiriza kulalika Khristu mosaleka. Pa 15 Okutobala 1989, nthambi ya ku Vatican yoyang'anira chiphunzitso cha chikhulupiriro, motsogozedwa ndi Kadinala Joseph Ratzinger amene mu 2005 anakhala Papa Benedict XVI, inalembera maepiskopi kalata yokhudza kusinkhasinkha kwa chikhristu, ndipo yoga inatchulidwamo. Kalatayo inavomereza kuti kakhalidwe ka thupi kamathandiza pemphero, ndi kuti mkhristu angatengeko chothandiza ku njira za kum'mawa malinga ngati pemphero lake likhalabe kucheza kwa mwana ndi Atate kudzera mwa Khristu. Inachenjezanso kuti masewero ena a thupi amabweretsa bata, kutentha ndi kupepuka kwa mtima, ndipo munthu angalakwitse kuyesa zimenezo chitonthozo cha Mzimu Woyera. Kumva bwino ndi chinthu china, kuyera mtima ndi chinanso.

Akatolika ena anayesa kukumana ndi nzeru za ku India mozama. Ansembe awiri a ku France, Jules Monchanin ndi Henri Le Saux, anakhazikitsa mudzi wa mapemphero wa Shantivanam m'mbali mwa mtsinje wa Kaveri mu 1950, naupereka kwa Utatu Woyera. Bambo Bede Griffiths wa ku England anautsogolera kuyambira 1968 mpaka imfa yake mu 1993. Sikuti onse mu Eklezia anagwirizana ndi zonse zimene iwo anachita, ndipo njira yotere ifuna munthu wa mizu yakuya. Kwa ife a m'maparishi chofunika kudziwa nchakuti kupemphera ndi thupi lonse si chinthu chobwereka. Kabuku kena ka m'zaka za m'ma 1200 kakufotokoza njira zisanu ndi zinayi zimene Dominic Woyera ankapempherera: kuwerama, kugona chafufumimba, kugwada, kutambasula manja ngati mtanda, kuwakweza kumwamba, kukhala pansi ndi buku, ngakhale kuyenda pa ulendo. Ignatius Woyera wa ku Loyola anaphunzitsa kunena pemphero la Atate Athu pang'onopang'ono, liwu limodzi pa kupuma kulikonse. Amonke a pa phiri la Athos ku Greece akhala akutchula dzina la Yesu motsatana ndi kapumidwe kwa zaka mazanamazana. Nkhokwe yathu ndi yodzaza, kungoti sitiitsegula kawirikawiri.

Tsono kwa kholo limene mwana wake wabwera ndi nkhani ya yoga, maganizo anga ndi awa. Kuwongola msana ndi kupuma mozama si tchimo, monga kuthamanga kapena kusewera mpira si tchimo, ndipo wodwala ayambe wafunsa a chipatala. Koma mwanayo afunse mphunzitsi wake tanthauzo la mawu alionse amene auzidwa kuimba kapena kubwerezabwereza, pakuti ena mwa mawuwo ndi mapemphero kwa milungu ya Chihindu, ndipo mkhristu sapembedza mongotsatira gulu. Akauzidwa kuti iye mwini ndi mulungu, kapena kuti masakramenti ndi osafunikanso, adziwe kuti wafika pa mphambano, ndipo apite kukacheza ndi Bambo Mfumu wa parishi. Ndipo kholo limuuze mwanayo zimene kanema sanena: kuti eni ake a yoga sakanamuwerengera ngakhale ataima ndi mutu ola lathunthu, ngati anama kwa amayi ake kapena abera mayeso.

Kuona maso a nkhono nkudekha. M'nyumba zathu zambiri pemphero la madzulo limayamba wailesi ikulira, mbale zikugundana, maganizo akadali pa ngongole ya feteleza. Ndaona kwathu kuti mphindi zisanu zokhala chete, aliyense atakhala bwino pamphasa, tisanayambe korona, zimasintha mawu omwewo amene tawanena kwa zaka zambiri. Ana amayamba avutika, kenaka amazolowera. M'kachetechete kameneko ndi pamene munthu amakumbukira mnzake amene wamlakwira masana, ndipo amapeza mpata wopepesa asanagone.

M'mutu wa 11 wa Mateyo, Ambuye aitana otopa ndi olemedwa kuti asenze goli lake, nalonjeza kuti silipweteka. Anthu a ku India anaona bwino kuti munthu wopanda goli amamwazika, ndipo anagwira ntchito yaikulu pofufuza m'mene thupi, mpweya, maganizo ndi makhalidwe zingakokere mbali imodzi. Pa chimenechi ayenera ulemu wathu. Uthenga Wabwino uwonjeza chimene wongolo aliyense adziwa, kuti goli lili ndi malo awiri, ndipo ng'ombe yaing'ono imaphunzira kukoka poyenda pambali pa yaikulu. Ife sitikoka tokha. Tiyeni tsono timpatse Iye ziwalo zonse: mawondo ogwada pa Misa, pamodzi ndi lilime, sikelo, thumba la ndalama ndi dzanja limene timakhudza nalo a m'banja mwathu.